DOKOTALA WOOPSA: KODI MLANDU NGWAKE YEKHA?

Masiku ano achinyamata ambiri akumvera nkhani za milandu pa mapulogalamu a pa intaneti otchedwa podcast. Imodzi mwa nkhani zotchuka ndi "Dr. Death", imene mtolankhani Laura Beil anayamba kuulutsa m'chaka cha 2018. Imasimba za Christopher Duntsch, dokotala wochita opaleshoni ya msana m'dera la Dallas ku Texas, m'dziko la Amereka, amene pakati pa 2011 ndi 2013 anavulaza odwala oposa 30, ndipo awiri anamwalira.

Munthu akamamvera nkhani yotere thupi limachita tsemwe, ndipo maganizo onse amathamangira pa munthu mmodzi woipayo. Koma ine ndikuti funso lenileni ndi ili: kodi anapitiriza bwanji kugwira mpeni kwa zaka ziwiri pamene anthu anali kuona ntchito zake?

Taonani m'mene zinayendera. Wodwala wina atamwalira m'chaka cha 2012, chipatala cha Baylor ku Plano chinamlola kusiya yekha ntchito m'malo momchotsa, ndipo sichinapereke dzina lake ku kaundula wa boma wa madokotala olakwa. Motero analowa pa chipatala china m'Dallas momwemo, kumene m'sabata imodzi mayi wina anamwalira ndipo wina analumala. Chipatala chilichonse chinkangofuna kuti tsoka lichoke pakhomo pake, osalabadira kumene likagwere.

Amene anamuimitsa ndi madokotala anzake awiri, Robert Henderson ndi Randall Kirby. Iwowa ataona mabala a odwala sanakhale chete, koma anaumirira kudandaula ku bungwe loyang'anira madokotala ku Texas mpaka linamlanda chilolezo m'chaka cha 2013. Pofika 2017 bwalo la milandu linamlamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansi weniweni wa odwala aja anali madokotala awiriwa.

Nkhani zoterezi zili ndi kuipa kwake. Zingathe kusandutsa misozi ya anthu kukhala chosangalatsa chomvera potsuka mbale, ndiponso zingaopseze wodwala mpaka kuthawa chipatala, pamene madokotala ochuluka ndi anthu okhulupirika. Komabe ubwino wake ukuposa ngati womvera atolamo phunziro loyenera.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, ena a inu mudzakhala anamwino, madokotala kapena akalaliki osunga mabuku a odwala. Tsiku lina mudzaona wamkulu wanu akulakwitsa mobwerezabwereza, ndipo kukhala chete kudzaoneka ngati ulemu. Kumbukirani kuti chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndipo ife aphunzitsi, ngati timalanga mwana chifukwa chofunsa funso, tikulera amene adzaone choipa n'kutseka pakamwa.

M'chigawo chotsatira tidzaona nkhani ya Harold Shipman wa ku England.