ZA PAKHOMO PATHU: Bafa Tilipake Chiyani?

Nyengo yomanga yafikanso. Chimanga chili m'nkhokwe, chiperoni chapita, ndipo pamsika pa Goliati njinga zayamba kudutsa zitasenza matumba a simenti ndi malata. Mwezi uno tikambirane za kanyumba kaja ka kuseri, kamene sititchula pagulu, ngakhale kuti tonse timaloŵamo tsiku ndi tsiku.

Marichi wa chaka cha 2023 asanaiŵalike m'mitima mwathu, tikumbutsane kuti namondwe Freddy adagwetsa nyumba zambiri kuno kumwera. Pakhomo pathu nyumba idatsala, koma bafa laudzu lidagona pansi ndipo chimbudzi chidatitimira. Mwana wathu wa ku Johannesburg adatumiza ndalama, pamodzi ndi zithunzi pa lamya za bafa la matailosi akuda onyezimira ngati galasi. Atsikana athu adakondwa nazo kwambiri, ifenso mtima udatengeka.

Tisanagule kanthu tidakaona bafa latsopano la mkhristu mnzathu m'mudzi wina. Pansi padali pofiira, posalala, popukutidwa ndi polishi, ndipo tidayamikira. Patapita masabata oŵerengeka tidamva kuti amai okalamba a pakhomopo adaterereka akusamba, nathyoka fupa la m'chiuno. Kufikira lero malo ao ku Mvano ali opanda munthu. Ifenso tili ndi agogo pakhomo. Madzulo a tsiku limenelo tidaika zithunzi zija pambali, tidakumbuka mau a makolo akuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsono funso loyenera kufunsa posankha zomangira si lakuti, kodi alendo adzati chiyani? Funso ndi ili: kodi wofooka koposa pakhomo pano adzasambamo mosaopa? Nazi zimene tidaphunzira.

Choyamba ndi pansi. Lamulo lake nlapafupi: chosalala chipite kukhoma, chokhakhala chitsale pansi. Pamwamba pa konkire ikani muyeso umodzi wa simenti ndi miyeso itatu ya mchenga wakumtsinje wopanda dothi. Uzani mmisiri amalize ndi kathabwa, osati ndi chipande chachitsulo, pakuti chitsulo chimasalaza kopitirira. Polishi ngwa pabalaza, m'bafa ndi msampha. Pansipo papendekeke pang'ono, ngati masentimita 2 pa mita iliyonse, kuloza kuboo lotulukira madzi. Musanalipire mmisiri, thirani ndowa ya madzi muone ngati onse atuluka. Kenaka phimbani ndi masaka kapena masamba a nthochi, ndi kumathirira masiku 7, chifukwa simenti youma mofulumira imang'aluka. Ngati thumba lanu likulolani kugula matailosi, nyoŵetsani imodzi ndi madzi a sopo m'sitolo momwemo, muyese ndi chikhatho. Ikatereka m'dzanja, idzagwetsa munthu.

Chachiŵiri ndi khoma. Zidina zosaotcha sizilimbana ndi madzi a tsiku ndi tsiku. Njerwa zootcha zimalimba, koma zimadya mitengo, ndipo tonse taona m'mene phiri la Thyolo layerera. Nchifukwa chake mu 2018 boma lidaletsa njerwa zotere pa zomanga zikuluzikulu. Kanyumba kakang'ono ngati bafa sikafuna mabuloko a simenti ambiri. Pulasitala akhale muyeso umodzi wa simenti ku miyeso inai ya mchenga, ndipo pano ndiye chipande chachitsulo chigwire ntchito, kuti khoma lisalale ndi kutsukika bwino. Dikirani mwezi wathunthu musanapake penti. Mukafulumira, adzatupa nkusendeka ngati khungu la njoka.

Chachitatu ndi mitundu, imene pakhomo pathu idautsa mkangano waukulu. Mtundu wakuda umabisa ndere ndi nkhungu, umadetsa chipinda, ndipo udzudzu umakonda kubisala mumdima wonyoŵa. Mtundu woyera sunama: litsiro likangofika, umaulula. Chotero kuyambira m'mapewa kukwera tidapaka njereza, imene njotsika mtengo, imaletsa nkhungu, ndipo mwana wasukulu akhoza kuibwereza chaka ndi chaka. Koma njereza imasukuluka ndi madzi ndi kumata pathupi lonyoŵa, tsono m'munsimo tidapaka penti wamafuta wooneka ngati mtambo. Pogula penti wamafuta funsani wopanda mtovu, pakuti mtovu umaononga ubongo wa ana, ndipo ife a choko tidziŵa chisoni cha mwana wolephera kugwira phunziro. Kunja, m'munsi mwa khoma, pakani mtundu wofiirira. Katondo wa kuno ku Thyolo akathothokera pakhoma loyera nthaŵi ya dzinja, palibe sopo amene angamchotse.

Chachinai ndi tinthu timene mmisiri sakumbutsa. Chitseko chikhale ndi mpiringidzo m'kati, kuti ana athu aakazi asambe mwaulemu, osayimba nyimbo pofuna kudziŵitsa odutsa kuti muli munthu. Chitsekocho chisagunde pansi, chingaole. Zikani m'khoma paipi kapena mtengo wa bulugamu wosalala woti okalamba ndi amai oyembekezera azigwirira, ndipo pangodya mangani kampando ka simenti. Pakati pa khoma ndi malata siyani mpata, chifukwa m'miyezi ya chiperoni chipinda chotsekeka sichiuma. Madzi otuluka asamayende pabwalo: akumbireni dzenje, mudzazemo miyala.

Za chimbudzi nkhani ya mitundu itembenuka. M'zaka za m'ma 1970, Peter Morgan wa ku Blair Research Laboratory, mumzinda umene lero ndi Harare, adakonza chimbudzi cha paipi yotulutsa mpweya. Paipiyo imaima kunja, mbali yoomba dzuŵa, itapakidwa penti wakuda kuti itenthe ndi kukoka fungo. Pamwamba pake pamakhala sefa. M'kati mwa chimbudzi mumasiyidwa kamdima, kotero kuti ntchentche za m'dzenje zimatsata kuŵala kwa m'paipi, nkukafera pasefa. Onani tsono: m'bafa tifuna kuyera, m'chimbudzi chotere tifuna mthunzi. Mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake. Ngati paipi mulibe, ikani sanplati yokhala ndi chivundikiro chothina. Dzenje likhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pachitsime, ndipo pakhomo pake pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa.

Wina adzati, kodi izi nzoyenera m'magazini ya mpingo? Kolera amene adayamba mu Marichi 2022 nafika mu 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo ena a iwo tidaŵaimbira nyimbo ndife. Ŵerengani Deuteronomo 23, ndime 12 mpaka 14. Mudzaona kuti malamulo a Mose sadachite manyazi kulongosola za malo odzithandizira, ndipo chifukwa chimene adapereka nchakuti Mulungu amayenda pakati pa anthu ake. Ngati Iye ayenda pakhomo pathu, sathera pabalaza pamene pali maluŵa ndi nsalu zoluka. Amafikanso kuseri.

Mwana wathu uja adabwera pa Khirisimasi. Ataona pansi pa simenti yokhakhala adakhala chete, ndipo tidadziŵa kuti wakhumudwa. M'maŵa mwake adaona agogo ake akutuluka m'bafa okha, opanda woŵagwira dzanja, thaulo lili paphewa. Sadafunsenso za matailosi. Ndalama zotsala adati tigulire malata a chimbudzi.

Inu achinyamata a mumpingo, mutu umodzi susenza denga. M'dera la mkulu wa mpingo aliyense muli amai amasiye ndi nkhalamba zosambira kuseri kwa masaka ong'ambika. Thumba limodzi la simenti, ndowa ya njereza, ndi manja khumi Loŵeruka limodzi zikhoza kusintha moyo wao. Kambiranani ndi akulu anu Sabata lino, mvula isanagunde. Ndipo inu makolo, musanaŵerenge ndalama m'sitolo, yambani mwaŵerenga anthu a pakhomo panu, kuyambira wamng'ono kufikira wokalamba.

Ambuye adalitse makomo anu, kumaso ndi kuseri komwe.