Caona Mnzako Capita, Mawa Cili pa Iwe

Anzanga acinyamata, ndamva ena a ife kuno ku Chongwe akuti malamulo a dziko ni nkhani ya maloya, ife yathu ni kwaya cabe. Ine ndikukana!

Nkhondo si maseŵela ai. Funsani makolo athu za 1979, pamene asilikali a Rhodesia anaphulitsa mlatho wa Chongwe pa mseu wa Great East. Pa nthawi yotele boma liyeneladi kukhala ndi mphamvu zoteteza anthu. Koma kodi mphamvuzo zilekezele pati?

Mu July 1964, pa nkhondo ya boma ndi mpingo wa Lumpa ku Chinsali, boma linalengeza lamulo la nthawi ya ngozi, lija timati State of Emergency. Anthu mazanamazana anafa, mpingo unaletsedwa, ndipo Alice Lenshina anatsekeledwa zaka zambili popanda kuweluzidwa. Nkhondoyo siinathe ngakhale caka, koma lamulolo linakhala mpaka 1991. Zaka 27! Ndipo a Chiluba, amene anacha Zambia dziko lacikhristu mu 1991, analibwezanso mu 1993 ndi mu 1997. Mphamvu ikaloŵa m'manja, kutuluka ivuta.

Mwina mukuti izo n'zakale. Tsegulani Konstityushoni. Gawo 19 likupatsani ufulu wa kupembedza monga mtima wanu ufunila. Koma Gawo 25 lilola boma kucepetsa ufulu womwewo pa nthawi ya nkhondo kapena ya ngozi. Referendamu ya 2016, yofuna kusintha cigawo ca maufulu, inalephela cifukwa ovota anacepa.

Ine sindine wa Lumpa, ndipo sindikuti onse a mpingowo anali osalakwa. Wopha munthu agwidwe, aonekele ku khoti. Koma kuletsa mpingo wonse, nkhalamba ndi ana omwe, ndi nkhani ina. Lamulo limene latseka pakamwa mnzako lelo silidzafunsa dzina la mpingo wako mawa. Danieli nayenso anaponyedwa m'dzenje la mikango ndi lamulo losainidwa bwinobwino.

Tsono tiyeni ticite izi. Pa msonkhano wa acinyamata ukubwelawu, tiŵelenge pamodzi Gawo 19 ndi Gawo 25. Akabwela ofuna mavoti athu, tisawafunse za mipila ndi vitenge cabe. Tiwafunse kuti: kodi tsiku la ngozi likadza, cipemphelo cathu mudzaciteteza motani?