Mfuti ya makauboyi si mlonda wa pakhomo



Ndiloleni kadanga m'nyuzi yathu yokondedwayi kuti ndithirepo ndemanga pa mfuti ina imene ikutamandidwa kwambiri masiku ano. Ndikunena chifefe chachifupi cha mipope iwiri, chija timachiona m'mafilimu a makauboyi, anyamata oweta ng'ombe atakwera akavalo ku Amereka. Kumeneko ogulitsa amati mfutiyi ndi yochitira masewero komanso yotetezera pakhomo, ndipo achinyamata athu akaona zimenezi pa mafoni amayesa mankhwala a mbava apezeka. Ine ndikuti ayi. Mfuti imeneyi malo ake ndi pabwalo la masewero, osati kunsi kwa bedi.

Tiyambe ndi kumene idachokera. M'zaka za m'ma 1860 ndi 1870 kampani ya Wells Fargo inkanyamula golide ndi makalata pa ngolo zokokedwa ndi akavalo kumadzulo kwa Amereka. Pambali pa woyendetsa ngolo pankakhala mlonda atafukata mfutiyi. Ankaifuna yaifupi kuti azitembenuka nayo msanga pampando, ndipo poti imalavula tinjere tamtovu tambiri nthawi imodzi, ankatha kulasa ngakhale ngolo ikugwedezeka. Mipope yake kawirikawiri imatalika mainchesi 18 mpaka 20. Koma taonani, mlondayo ankagwira ntchito mumsewu wa m'thengo, ndipo munthu wotchinga njira atadziphimba kumaso ankadziwikiratu kuti ndi chigawenga. M'nyumba usiku sizikhala choncho. Amene akugwedeza chitseko akhoza kukhala mwana wako akuchokera kuchimbudzi, kapena mlamu wako wasokera khomo pochokera ku mowa.

Pali chinanso chimene mafilimu satiuza. Nkhondo yotchuka ya makauboyi idachitika pafupi ndi khola la akavalo la O.K. Corral mu tauni ya Tombstone ku Arizona pa 26 Okutobala 1881. A Doc Holliday adanyamula chifefe chachifupi chomwechi pothandiza a Virgil Earp, mkulu wa apolisi a m'taunimo, ndi abale awo a Wyatt ndi a Morgan. Kuwomberanako kudatenga pafupifupi masekondi 30, anthu atatu nagona pomwepo. Nanga apolisiwo ankapita kukatani? Ankakalanda mfuti, chifukwa m'chaka chomwecho tauniyo idakhazikitsa lamulo loletsa kuyenda ndi zida m'tauni. Mlendo akafika ankayenera kusiya mfuti yake ku hotela kapena kukhola la akavalo. Nako ku Dodge City kudali lamulo lotere. Ngati eni ake a mfutizi adaona kuti sizoyenera pakati pa anthu, ife tikuzisirira chiyani?

Masewero a chikauboyi a masiku ano adayambira ku California kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo bungwe lowayang'anira la Single Action Shooting Society lidakhazikitsidwa mu 1987. Amuna ndi akazi amavala zipewa ndi majombo a kale, amadzipatsa maina oseweretsa, n'kumapikisana kuwombera zitsulo zoimika, wina akuwerenga nthawi. Masewerowa ine sindikuwanyoza. Koma onani mwambo wake. Chifefe chimaikidwa patebulo chili chotsekula, mulibe kanthu, ndipo munthu amalongamo zipolopolo pokhapokha nthawi yake yowombera ikayamba. Akatha, wina amayendera mfuti zake zonse kutsimikiza kuti simudatsale kanthu. Wogwetsa mfuti yodzaza amachotsedwa mumpikisano wonse. Zonsezi zimachitika dzuwa likuswa mtengo, munthu ali maso bwinobwino, pali omuyang'anira. Tsono ngati akatswiri amaiopa chotero masana, kuli bwanji bambo wodzidzimuka kutulo pakati pa usiku, mtima uli phaphapha?

Mu 2013 a Joe Biden, amene panthawiyo adali wachiwiri kwa pulezidenti wa dzikolo, adalangiza anthu kugula mfuti ya mipope iwiri, nanena kuti adauza akazi awo kuti pakagwa zovuta atuluke pakhonde ndi kuwomba kawiri panja. Ambiri adawatsutsa, ndipo adali ndi mfundo: mfutiyi ikalira kawiri yatha, imasanduka chibonga mpaka uithyole pakati ndi kulongamo zina, manja akunjenjemera mumdima. Enanso amati ndi chifefe sufunika kulozetsa. Limenelo ndi bodza. M'kati mwa chipinda tinjere tija timakhala tisadamwazike, timagwa malo ongofanana ndi chikhatho cha dzanja. Ukaphonya, timaboola chitseko cha matabwa kapena zenera, n'kukapeza wosalakwa amene wagona tsidya linalo.

Ziwerengero za ku Amereka komweko zikuchitira umboni. Mu 2021 anthu 48,830 adafa ndi mfuti m'dzikomo, ndipo oposa theka la iwowa adadzipha okha. Kafukufuku wa a Arthur Kellermann ndi anzawo wa mu 1993 adapeza kuti m'nyumba yosunga mfuti, chiopsezo choti wina aphedwemo chimakula pafupifupi katatu, ndipo kawirikawiri wakuphayo amakhala wachibale kapena wodziwana naye. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikupeputsa mantha a anthu. Mbava zilipo, ng'ombe ndi mbuzi zikubedwa, ndipo midzi yambiri ili kutali ndi polisi. Koma mbala imaopa mudzi wogwirizana kuposa munthu mmodzi wa mfuti, pakuti mfutiyo nayo ndi katundu amene mbava zimamufuna. Loko wolimba, mluzu pakhomo lililonse, ndi achitetezo a m'mudzi ogwira ntchito limodzi ndi apolisi ndi mafumu, izi sizidaphepo mwana mwangozi. Mbala ikagwidwa ipite kupolisi, tisaiweruze tokha.

Kwa inu amene muli ndi mfuti ya chilolezo cha boma yothamangitsira nguluwe ndi anyani kumunda, tengerani chitsanzo kwa amasewero aja: izikhala yopanda chipolopolo, yokhomeredwa, zipolopolo zili kwina kumene mwana sangafikeko. Ndipo inu abusa ndi ansembe athu, amene mumayang'anira maukwati ndipo mumadziwa makomo amene muli ndewu ndi mitima yosweka, chonde musaope kufunsa ngati m'nyumbamo muli mfuti, ndi kulangiza kuti ichotsedwemo kufikira mtendere utabwerera.



Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Dedza.