Wophunzira m'banja la eni dziko ku Japan

Mu 2008 boma la Japan linadziikira cholinga cholandira ophunzira 300,000 ochokera kunja, chiwerengero chimene chinakwana mu 2019, ndipo ena mwa ophunzira a m'mayunivesite amenewa amasankha kukhala m'mabanja a eni dziko m'malo mwa nyumba zogona za pasukulu. Phindu la dongosolo limeneli limaonekera pa tizinthu timene sitiphunzitsidwa m'kalasi, pakuti tsiku loyamba lomwe wophunzira amazindikira kuti nsapato zimavulidwa pa genkan, malo otsikirako a pakhomo lolowera, ndipo madzulo amaphunzira kuti mu ofuro, bafa lakuya la madzi otentha, munthu amalowamo atasamba kale ndi sopo kunja kwake, chifukwa madzi omwewo amasambamo a m'banja onse motsatizana. Chimene chimavuta kwambiri ndi nkhani ya ufulu, popeza munthu wozolowera kudziimira payekha amayenera kudziwitsiratu mayi a pakhomopo akakhala kuti achedwa ku chakudya chamadzulo, komabe ulemu woterewu ndi umene umachititsa kuti mlendo ayambe kuwerengedwa ngati mwana wa m'nyumbamo.