Mganda wathu usathere pabwalo

Chilimwe chikafika ndipo ntchito yakumunda yachepa, ng'oma zimayamba kuitana m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira kuno ku Nkholongue, kudzera ku Metangula mpaka ku Cóbuè. Maboma a mganda amachapa zovala zawo zoyera, amayi a chiwoda amasonkherana kugula nsalu zofanana. Kukonzekera kumatenga milungu yambiri, koma gule wake amatha m'masiku owerengeka. Nanga fumbi likakhazikika, chimatsala n'chiyani?

Funso limeneli silivutitsa ife tokha. Ku New York, m'dziko la Amerika, kuli sewero la nyimbo ndi magule lotchedwa Hamilton. Kulowa m'holo yake kumafuna ndalama zambiri. M'chaka cha 2016 eni ake adaika makamera m'holomo ndi kujambula sewero lonse, osewera ali pansanja, anthu akuonerera. Mu 2020, matenda a Covid-19 atatseketsa maholo, kanemayo adatulutsidwa ndipo anthu a m'maiko ambiri adaonera ali m'nyumba zawo. Kampani ya Disney idalipira madola 75 miliyoni kuti ikhale ndi ufulu womuonetsa. Maholo atatsegulidwanso, anthu sadaleke kupita kukaona sewerolo ndi maso.

Mwina wina akuti, "Za kutali izo, zikutikhudza pati ife asodzi?" Taganizani bwino, abale. Mganda nawo ndi sewero la nyimbo. Uli ndi atsogoleri ake, mizere yake, zovala zake ndi malipenga ake a zipanda. Udabadwa potsanzira pelete wa asilikali itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Chiwoda nachonso ndi nyuzipepala ya amayi. M'nyimbo zake mumamveka za mwamuna wothera ndalama za usipa kumowa, za matenda, za njala ndi za chikondi. Wopeka nyimbo akamwalira, zambiri amapita nazo kumanda.

Anzathu a kutsidya kwa nyanja akuidziwa nkhaniyi. Du Chisiza Jr., katswiri wa zisudzo yemwe adayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, adamwalira mu 1999, chaka chomwecho chimene wailesi yakanema ya dziko la Malawi idayamba. Zaka zake zonse zodzaza maholo zidadutsa dziko lilibe kanema wotere. Achinyamata ambiri a lero amangomva mbiri yake kwa makolo.

Kwathu kuno ku Mozambique tili ndi phunziro lina. Titalandira ufulu mu 1975, boma lidakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema. Bungweli linkapanga Kuxa Kanema, kanema wa nkhani wa mphindi 10, ndipo magalimoto ankayenda naye m'midzi kukaonetsa anthu. Koma mu 1991 moto udawononga nyumba ya bungweli ku Maputo pamodzi ndi zipangizo zambiri. Chuma chosungidwa pamalo amodzi chingathe usiku umodzi.

Lero kamera ili m'thumba la mnyamata aliyense wokhala ndi foni. Vuto ndi lakuti timajambula modukizaduka: pang'ono miyendo ya ovina, pang'ono chibwenzi chili m'gulu la oonerera, batire yatha. Kumeneko si kusunga gule. Boma lililonse lisankhe achinyamata awiri odekha. Foni imodzi imangiriridwe pamtengo pamalo oonekera bwalo lonse, dzuwa lili kumsana kwa wojambula, ndipo ijambule kuyambira polowa mpaka potuluka. Ina ikhale pafupi ndi oimba. Ife a pawailesi tikudziwa kuti ng'oma ikayandikira kwambiri imameza mawu a nyimbo. Gule asanayambe, mtsogoleri atchule dzina la boma, mudzi, chaka ndi amene adapeka nyimbozo.

Pali akuluakulu ena amene akuopa kuti anthu akamaonera pafoni adzaleka kubwera kubwalo. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma taonani za mpira. Mawailesi akhala akuulutsa mpira zaka zambirimbiri, koma wokhala ndi mpata amapitabe kubwalo. Fumbi, nthungululu ndi kunjenjemera kwa nthaka sizilowa m'foni. Kanema ndi wa agogo amene miyendo yawakana, wa wodwala ali pamphasa, ndi wa mwana wathu wogwira ntchito ku Lichinga, ku Nampula kapena ku Johannesburg, amene ana ake sadaonepo mganda.

Nkhawa yeniyeni ndi iyi: kanemayo ndi wa yani? Eni ake a Hamilton adajambula okha, adasunga okha, ndipo adagulitsa pamtengo umene adagwirizana nawo. Ife timalola mlendo aliyense kujambula, ndipo akakwera boti sitimvanso za iye. Tisanayambe kuvina, tizikhala pansi pamaso pa amfumu ndi kumvana. Wojambula asiye kope m'mudzi. Ngati akukagulitsa kapena kuonetsa molipiritsa, gawo la ovina lidziwike. Ndipo za kuchinamwali zisayandikire kamera, popeza si za pabwalo.

Makope akhale atatu, pa timakadi ta memori: kena kwa mtsogoleri wa boma, kena kusukulu, kena kwa mbale wodalirika wokhala kutali ndi mudzi. Nyumba ya udzu siichenjeza ikamapsa, ndipo foni imagwera m'madzi.

Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Oimba ng'oma athu akale akadali moyo, ndipo nyimbo akuzikumbukira. Atsogoleri a maboma, pokambirana za ufa ndi ndiwo za alendo a gule akubwerayu, ikanipo ndi nkhani ya wojambula.