Foni isamakusinthireni mawu pa vidiyo ya katundu

Anzanga a geni ndi inu madalaivala, nkhaniyi ioneka yaing'ono koma ine inandiphonyetsa oda ya mabulangete 40.

Ndinajambula vidiyo ku Dragon City kuno ku Johannesburg, ndikuonetsa katundu n'kumatchula mitengo. Inatalika, mphindi ziwiri zathunthu. Paja status ya WhatsApp inkalola masekondi 30 okha, mpaka mu 2024 pamene anawonjezera kufika mphindi imodzi. Ndiye ndinaithamangitsa kawiri kuti ikwane. Mayi wina wa ku Mzuzu, amene ndagulitsana naye zaka zitatu, ataiona anangoti zii. Nditamuimbira patapita masiku anati, "Achimwene, mawu aja si anu. Ndimayesa akuberani nambala." Ndalama anali atatumiza kale kwa wina.

Sindimuimba mlandu mayiyo. Kasitomala wa ku Limbe kapena ku Mchesi satiwona, sagwira katundu, amangotumiza ndalama kudalira mawu amene akuwadziwa. Masiku ano akuba ma akaunti a WhatsApp ali mbwee, ndiye munthu akamva kamawu kakang'ono ngati ka mwana pa nambala ya bambo wa ndevu, aziganiza chiyani?

Chimene chimachitika n'chakuti mukathamangitsa vidiyo, mawu nawo amakwera. Liwiro likakhala 2x, amakwera masitepe 12 amene oimba amati ma semitone; pa 1.5x amakwera pafupifupi 7. Mukaichedwetsa amatsika, mumveka ngati mwadzuka ndi matsire. Kukonza kwake sikovuta. Mu CapCut, pamene mumasinthira Speed pali kabatani ka pitch: yesani kuyatsa ndi kuzimitsa, mumvetsere, musankhe pamene mawu akumveka anu. Amene muli ndi laputopu, Audacity ndi yaulere. Change Tempo imafulumizitsa kalankhulidwe osakweza mawu, pamene Change Pitch imatsitsa mawu amene akwera kale. Mukatero mumabwezera mawuwo pa vidiyo ija. Mvetserani pa sipika ya foni musanatumize, chifukwa kasitomala amvera pomwepo.

Koma kunena zoona, ine ndimaona kuti kuthamangitsa kwenikweniko n'kulakwitsa. Ngakhale mukonze pitch, mtengo wotchulidwa mothamanga umasokoneza, "fifitini" amamveka "fifite", mkangano n'kuyamba katundu atafika kale. Dulani vidiyo pawiri, kapena chotsani pamene mumayenda chete pakati pa mashopu. Zija zosintha mawu kukhala a loboti, asiyireni ana a TikTok.

Pali vidiyo imodzi imene musamaikhudze n'komwe: ya popakira. Ija mumajambula mabelo akulowa mu thiraki kapena pansi pa basi ku Park Station, nambala ya galimoto ikuoneka, dalaivala akuwerenga mokweza. Katundu ameneyu adutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, manja ambiri amugwira. Belo likasowa, umboni wanu ndi umenewo, komanso ndi umene umateteza dalaivala akamanamiziridwa. Mukaithamangitsa kapena kukonza mawu, winayo angoti "si ine ndikulankhulapo apa," ndipo simungamutsutse. Isungeni mmene inatulukira mu kamera, ndipo potumiza kwa mwini katundu ndi kwa dalaivala, itumizeni ngati Document kuti WhatsApp isaifinye.