Tisaphunzitse Aloŵam'malo a Chisipanishi Kudzera m'Chingerezi

Mabuku ambiri ophunzitsira Chisipanishi amene amafika m'chigawo chathu chino analembedwera anthu olankhula Chingerezi. Phunziro la mneni limayamba ndi mndandanda wa aloŵam'malo a mwininkhani: yo, tú, él, ella, nosotros, vosotros, ellos. Kenaka wolemba amachenjeza wophunzira kuti asamatchule mau ameneŵa m'chiganizo chilichonse. Chenjezoli n'loyenera kwa Mngerezi, pakuti m'chilankhulo chake mneni saima popanda mwininkhani wotchulidwa. Koma kwa mwana wobadwira m'chilankhulo cha Chibantu njira imeneyi ndi yozungulira, ndipo imamutayitsa chuma chimene ali nacho kale.

Msipanishi akati hablo, wanena kale kuti "ndimalankhula". Akati hablamos, wanena kuti "timalankhula". Ntchito imene ndi- ndi ti- amagwira kumayambiriro kwa mneni wathu, -o ndi -mos amaigwira kumapeto. Tsono yo hablo ndiye "ine ndimalankhula", mau otsindika kapena osiyanitsa wolankhulayo ndi anzake. Mcheŵa, Mshona ndi Mzulu safunika kuphunzitsidwa kusiyana kumeneku. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo, m'nkhani yawo ya mu 1987 m'magazini ya Language, anasonyeza kuti mgwirizanitsi wa mwininkhani m'Chicheŵa angathe kugwira yekha ntchito ya mloŵam'malo. Nanga bwanji mfundo yotere sinafike m'kalasi?

Pa nkhani ya ulemu, Chingerezi chimasokeretsanso kwambiri, chifukwa liu limodzi lokha, you, limaimira tú ndi usted yemwe. Ife tili ndi "iwe" ndi "inu". Usted anachokera ku mau akale akuti vuestra merced, ndiko kuti "chifundo chanu", n'chifukwa chake amatenga mneni wonga wa él ndi ella, ngati kuti munthu amene tikulankhula nayeyo ndi wina wapadera. Wophunzira wa ku London amadabwa nazo. Ife sitidabwa, popeza timafunsa kuti "Agogo akufuna chiyani?" tili nawo maso ndi maso.

Ena adzati kufananaku sikufika patali, ndipo akunena zoona. Pamene ife timangoti "iye", Chisipanishi chimalekanitsa mwamuna, él, ndi mkazi, ella. "Ife" ndi nosotros kapena nosotras. Mneni wa nthaŵi yakale, hablaba, sasonyeza ngati wolankhulayo anali yo, él, ella kapena usted, motero mloŵam'malo amabwerera kuti tanthauzo limveke. Vosotros amamveka ku Spain, pamene ku Latin America amangoti ustedes. Koma zimenezi zikulimbitsa mfundo yanga. Apa ndi pamene wophunzira wathu amapunthwa, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kuthera nthaŵi yake, osati pochiza matenda a Mngerezi amene mwana wathu sadwala.

Tisaiŵale kuti Chisipanishi ndi zilankhulo za Chibantu zinakumana kale. Ku Equatorial Guinea, dziko limene linalandira ufulu kuchokera ku Spain mu 1968, Chisipanishi ndi chilankhulo cha boma, ndipo anthu ake amalankhula Chifang ndi Chibubi. Pempho langa kwa anzanga a m'mayunivesite athu ndi lakuti tilembe mabuku oyerekeza Chisipanishi ndi zilankhulo zathu mwachindunji, oyamba ndi mneni, aloŵam'malo n'kubwera pambuyo monga mau otsindika.